Paul Ngozi: mnyamata wa ku Chibolya amene anayimba nyimbo zachitsulo m'Chinyanja

Mwa oyimba onse amene anayimbapo m'chilankhulo chathu cha Chinyanja, ndi ochepa amene gitala yawo inkalira mwaukali ngati ya malemu Paul Ngozi wa ku Lusaka, m'dziko la Zambia. Bamboyu anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Koma mu Okutobala 2024, atagona m'manda zaka 35, mawu ake anamvekanso m'mafoni a achinyamata ku America, ku Ulaya ndi kwina konse, pamene woyimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kuchilowetsa mu nyimbo yake ya Noid. Anthu miyandamiyanda amene sadziwa ngakhale moni wa Chinyanja anayamba kufunsana kuti mawu amenewa akunena chiyani. Ife a kuno ku Mualadze, ku Zóbuè ndi m'midzi ya m'malire sitifuna womasulira. Chimene ambiri a ife tikusowa ndi mbiri ya mwini mawuwo.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa pa 10 Januwale 1949, dziko la Zambia likutchedwabe Northern Rhodesia ndipo likulamulidwa ndi Angerezi. Ndi chaka chomwecho pamene njanji yochokera ku Dona Ana inafika kuno kudzanyamula malasha. Paul anakulira ku Chibolya, imodzi mwa makomboni akale a mu Lusaka amene atsamunda anakonzera anthu akuda ogwira ntchito m'tauni. M'Chibemba mawu oti chibolya amatanthauza bwinja, mudzi umene eni ake anasamukapo, ndipo komboniyi yakhala ndi mbiri ya umphawi ndi umbanda kuyambira kale. Mwana wokulira malo otere amaona zambiri asanakule: ndewu za pamowa, maukwati otha, amayi olera okha ana, maliro osatha. Zonsezi zinadzalowa mu nyimbo zake.

Lusaka si dziko la Achewa. Eni nthaka kumeneko ndi Asoli ndi Alenje. Koma kuyambira pamene mzindawu unakhala likulu mu 1935, anthu ochokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, a ku Katete, a ku Petauke ndi a ku Nyasaland anakhamukirako kukafuna ntchito, ndipo apolisi ambiri ankalankhula Chinyanja. Mapeto ake Chinyanja ndicho chinakhala chilankhulo cha pamsika ndi m'basi. Ndi Chinyanja cha m'tauni, chosakanikira ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Pamene ife timati ndidzakuchita, iwo amati nizakuchita. Paul anakula nacho chimenechi, ndipo atayamba kujambula nyimbo sanachite nacho manyazi.

Mu 1949 momwemo, ku Northern Rhodesia kunayamba kugulitsidwa kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special. Anakapatsa dzinali chifukwa kankaoneka ngati sefuliya, ndipo kankayendera batire. Kawayilesi kameneka ndiko kanalowetsa nyimbo m'nyumba za anthu wamba, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Mawu okondedwa kwambiri masiku amenewo anali a Alick Nkhata, muulutsi amenenso ankayimba mofatsa ndi gitala yopanda magetsi. Ana a msinkhu wa Paul anakula akumva zimenezo. Koma pofika pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, makutu awo anali atatembenukira kwina. Ndalama za mkuwa zinkalowa, masitolo ankaitanitsa zimbale ndi magitala amagetsi kuchokera kunja, ndipo anyamata a m'tauni ankafuna kuyimba ngati The Beatles, The Rolling Stones, kenaka ngati Jimi Hendrix.

Kumene kunachokera phokoso

Pano tipatuke pang'ono tikafike ku Birmingham, ku England, chifukwa popanda kumeneko nkhani ya Paul Ngozi simveka bwino. Birmingham unali mzinda wa mafakitale osula zitsulo, wautsi ndi waphokoso, ndipo ife okhala m'mphepete mwa migodi ya malasha sitingavutike kuuyerekeza. Mu 1968 anyamata anayi a m'dera losauka la Aston, mayina awo Tony Iommi, Geezer Butler, Bill Ward ndi Ozzy Osbourne, anayambitsa gulu limene chaka chotsatira linatenga dzina loti Black Sabbath. Iommi, woyimba gitala, anali atadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina a pafakitale ali ndi zaka 17. Anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala ku zalazo, anayamba kuika nsambo zopyapyala, ndipo pambuyo pake anazimasulako kuti zisamamupweteke pokanikiza. Nsambo yomasuka imalirira pansi, mwabesi. Choncho ngozi ya pantchito inathandiza kubala kulira kolemera kumene gululi linatchuka nako. Chimbale chawo choyamba chinatuluka pa 13 Febuluwale 1970, ndipo chachiwiri, Paranoid, mu Sepitembala chaka chomwecho. Ambiri amawerengera pamenepo chiyambi cha mtundu wa nyimbo wotchedwa heavy metal, kutanthauza chitsulo cholemera. Magulu a Led Zeppelin ndi Deep Purple ankayenda njira yofananako.

Zimbale zimenezi zinafika ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola, ndipo anyamata ankazimvera mobwerezabwereza mpaka kuloweza kadulidwe ka nsambo kalikonse. Paul anayamba kuyimba m'timagulu ta mu Lusaka. Loyamba linali The Scorpions, losiyana ndi gulu la ku Germany la dzina lomwelo, kenaka analowa lina lotchedwa Three Years Before. Mbiri ya zala zake itafalikira, anaitanidwa ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kukalowa gulu la Musi-O-Tunya, la anyamata a ku Zambia limene linayambitsidwa ndi Rikki Ililonga ndi anzake. Sanakhalitseko. Patangopita miyezi yochepa anabwerera kwawo kukayambitsa gulu lakelake.

Dzina loti Ngozi anapatsidwa chifukwa cha zimene ankachita pa nsanja. Ankayimba gitala ndi mano ngati Hendrix, ndipo iye akangokwera, m'holo munkakhala chipwirikiti. Kwa ife ngozi ndi tsoka la pamsewu kapena chinthu choopsa. Anzathu a ku Zimbabwe, amene timakumana nawo ku Cuchamano ndi ku Mukumbura, akati ngozi amanenanso mzimu wa munthu wophedwa umene umabwerera kudzalipiritsa. Matanthauzo onse awiri ankamuyenera mnyamata amene gitala yake inkamveka ngati ikukalipa. Gulu lake analitcha Ngozi Family, ndipo linali la anthu atatu basi: iye mwini pa gitala ndi kuyimba, Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, ndi Billy Sithenge pa besi, amene pambuyo pake analowedwa m'malo ndi Tommy Mwale. Tembo ndi Mwale ndi mayina amene mungawaitane pamsika wa Zóbuè anthu angapo n'kutembenuka.

Mwina wina angafunse kuti anthu atatu angachite bwanji phokoso lodzaza holo. Chinsinsi chinali kabokosi koponda ndi phazi kamene oyimba amakatcha fuzz. Kabokosika kamakhala pakati pa gitala ndi chokuzira mawu. Kamakweza mphamvu ya mawu a gitala kupyola malire mpaka nsonga zake zimaphwanyika, ndipo chotuluka ku sipika chimakhala kulira kokhakhala, kotalika, kosafuna kutha. Amene anakwezapo kawayilesi kakang'ono mpaka sipika kuyamba kunjenjemera akudziwa chimene tikunena. Kusiyana kwake n'kwakuti woyimba amachita dala, ndipo amakulamulira kulirako ndi zala. Paul ankatenga kachigawo kafupi ka nsambo zitatu kapena zinayi n'kumakabwereza, besi ikutsata pambuyo, ng'oma zikugunda ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Kubwereza kotereku si kwachilendo kwa munthu amene anamverapo bangwe, kalimba kapena nyanga za Anyungwe. Chachilendo chinali magetsiwo.

Zaka za zimbale

Zinthu ziwiri zinathandiza kuti anyamata ngati Paul atuluke m'mabala n'kufika pa zimbale. Choyamba chinali lamulo. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za m'dzikomo. A Kaunda ankafuna kulimbikitsa chikhalidwe ndi umodzi, koma opindula msanga anali anyamata a magitala amagetsi, chifukwa aulutsi anasowa nyimbo zodzazira maola onsewo. Gulu limene linkangobwereza nyimbo za azungu linayenera tsopano kupeka zakezake. Chachiwiri chinali anthu abizinesi. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda zimbale, komanso Edward Khuzwayo, mwini Zambia Music Parlour, amene ankalemba magulu, kuwalipirira situdiyo ndi kugulitsa zimbale zawo m'masitolo ake. Kuchokera mu zimenezi munatuluka WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, Amanaz ndi chimbale chawo cha Africa cha mu 1975, The Peace, ndi ena ambiri. Muulutsi wina, Manasseh Phiri, amene anadzakhala dokotala wodziwika pa nkhondo yolimbana ndi Edzi, ndiye amatchulidwa kuti anapatsa nyimbozi dzina loti Zamrock.

Chimbale cha Ngozi Family chotchedwa Day of Judgement chinatuluka mu 1976. Ndi chimbale chaukali, chojambulidwa mopanda zodzoladzola. Mawu a woyimba nthawi zina amamira pansi pa gitala, ng'oma zimamveka ngati zili m'chipinda china, ndipo palibe amene anavutika kusalaza zimenezi. Muli nyimbo za Chingerezi zofunsira atsikana, monga Hi Babe, koma mulinso Kumanda Kwa Bambo Wanga ndi Tikondane. Taganizirani: gitala yolira ngati chigayo, pamwamba pake mwana wamasiye akunena za manda a bambo ake m'chilankhulo chimene agogo akumudzi akumva liwu lililonse. Ku Birmingham kunalibe zimenezo.

Chaka cha 1977 ndicho chinali pachimake. Gululi linapita ku Nairobi, kumene kunali zipangizo zabwinoko, n'kukajambula 45,000 Volts mu situdiyo ya Sapra. Dzinali linkalonjeza kuti womvera agwidwa ndi magetsi. Ife a ku Tete tikhoza kumwetulira pang'ono, poti mawaya ochokera ku Cahora Bassa kupita ku South Africa anamangidwa kuti azinyamula mavoliti 533,000, koma kwa anthu atatu ndi kabokosi kamodzi, 45,000 si pang'ono. Mu chimbale chimenechi ndimo muli Nizakupanga Ngozi, nyimbo yochenjeza munthu wamiseche, woyenda ndi nkhani za eni khomo ndi khomo. Mulinso Atate, Hold On ndi Chenjelani. Nthawi yomweyo kunatulukanso The Ghetto, cholembedwa dzina la Paul Ngozi yekha, chimene chimakamba za moyo wa m'komboni: makolo otaya ana, ulesi, kudzipha, ndi chikhulupiriro mwa Yesu. Bad Character, Heavy Connection ndi Happy Trip zinatsatira mothamanga. M'zaka zitatu zokha anatulutsa zimbale zoposa zimene oyimba ena amatulutsa moyo wawo wonse.

Pali chimbale china chimene sitingachidumphe ngakhale dzina lotsogola si lake. Ndi My Ancestors, cha Chrissy Zebby Tembo, momwe wa ng'omayo ndiye akuyimba, Paul ali kumbuyo ndi gitala. Atamasulidwa ku ntchito yoyimba ndi pakamwa, zala zake zinachita zimene zinafuna. Nyimbo za Trouble Maker ndi Coffin Maker ndizo zimene okonda Black Sabbath amathamangira kutchula akafuna kusonyeza kuti chitsulo cholemera chinafika pakati pa Africa nthawi yomweyo, osati mochedwa.

Mkangano wa okonda nyimbo zake

Anthu amene amakonda gululi samvana pa zinthu zingapo, ndipo mkangano wawo ndi wokoma kuumvera. Woyamba ndi wa dzina. Kodi nyimbozi ndi heavy metal? Ena amavomera, poona kulemera kwa gitala ndi mitu ya imfa, manda, mantha ndi chiweruzo, yomwenso Black Sabbath inkakonda. Ena amakana. Amati nyimbo za Paul ndi zazifupi, zopanda madoli, zoyimbidwa ngati munthu akuthamangitsidwa, choncho zikufanana kwambiri ndi punk, mtundu umene unaphulika ku London ndi ku New York zaka zomwezo za 1976 ndi 1977. Enanso amati maina onsewa ndi a eni, dzina loyenera ndi Zamrock basi.

Ife tikuona kuti a mbali yoyamba akunena zoona pa gitala, koma akulakwitsa pa ng'oma. Mukamvetsera bwino kagundidwe ka Tembo, mupeza kuti sikaponda mofanana ngati asilikali pa perete. Kamatsimphina pang'ono mwadala, kamasiya mpata woti chiuno chiyende. Nyimbo za ku Birmingham zimagwedeza mutu, pamene za Ngozi Family zimavinika. N'chifukwa chake zinkayimbidwa m'maholo ovinira ndi m'mabala, osati pamaso pa anthu ongoimirira.

Mkangano wachiwiri ndi wa chimbale chopambana. Otolera zimbale a kunja amakonda Day of Judgement chifukwa cha kukhakhala kwake komweko. Kwa iwo kujambulidwa moperewera ndi umboni woti n'chenicheni. Apa m'pofunika kusamala. Anyamata aja sanasankhe zipangizo zoperewera, anajambula ndi zimene zinalipo, ndipo atapeza mpata wa situdiyo yabwino anakwera ulendo wa ku Nairobi osacheuka. Kuyamikira umphawi wa munthu ngati luso lake ndi ulemu wokayikitsa. Kwa ife 45,000 Volts ndicho chimbale chokhwima: gitala ikadali yolusa, koma mawu akumveka, besi ili ndi malo ake, ndipo nyimbo za Chinyanja ndi za Chingerezi zikulemera mofanana. The Ghetto chimabwera pambuyo pake chifukwa cha mitu yake, ngakhale kuti pena Paul amalalikira kwambiri kuposa kuyimba.

Wachitatu ndiye waukulu, ndipo umagawa anthu potengera kumene akukhala. Mzungu wa ku Los Angeles kapena ku Berlin akati Paul Ngozi amanena mnyamata wa m'ma 1970 wa gitala yolusa. Munthu wamkulu wa ku Lusaka kapena ku Chipata akamva dzinali amakumbuka kwambiri bambo wa m'ma 1980, wonena zoona zowawa za m'mabanja ndi m'makomboni, mwini nyimbo ngati Bauze, amene anthu ankamumvera kuti aseke ndi kudzimvera chisoni nthawi imodzi. A kunja sadziwa zambiri za Paul wachiwiriyu chifukwa samva chilankhulo, ndipo nyimbo zake sizilemera mokwanira m'makutu mwawo. Koma munthuyo anali mmodzi. Amene anayimba za manda a bambo ake mu 1976 ndi yemweyo amene anadzakhala mlangizi wa komboni yonse. Chimene chinasintha ndi kavalidwe ka nyimbo, osati diso lake.

Nkhondo, njala ya ndalama ndi matenda

Zaka zimene Ngozi Family inkakwera ndi zomwezo zimene Zambia inkatsika. Mkuwa ndiwo unkabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja, ndipo mtengo wake unagwa kwambiri mu 1974 ndi 1975, mafuta atangokwera mtengo mu 1973. Malire ndi Rhodesia anali otseka kuyambira Januwale 1973 mpaka Okutobala 1978. Alimi amadziwa chimene chimachitika pakhomo podalira mbewu imodzi mtengo ukagwa. Dziko lonse la Zambia linali khomo lotero. Nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi pulasitiki wodindira zimbale zonse zinkagulidwa kunja ndi ndalama zimene zinkasowa.

Kenaka nkhondo ya ku Zimbabwe inadumpha malire. Pa 45,000 Volts pali nyimbo yomvera chisoni anthu a ku Zimbabwe, ndipo siinali nkhani ya kutali. Mu Novembala 1977, chaka chomwe chimbalecho chinatuluka, asilikali a Ian Smith anaphulitsa misasa ya ku Chimoio ndi ya ku Tembué, m'chigawo chathu chino cha Tete. Pa 19 Okutobala 1978 anaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi wina ku Mkushi, kumene Alick Nkhata uja anaphedwa pafupi ndi munda wake. Boma linayamba kuletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi m'matauni. Kwa gulu lodya za usiku, lamulo lotere ndi chilala. Oyimba anayamba kuchita madansi a masana, kapena kutsekera anthu m'holo mpaka kuche.

Ngakhale nkhondoyo inatha mu 1980, zinthu sizinabwerere. Eni mabala anapeza kuti kulipira munthu mmodzi woika zimbale za disiko n'kotchipa kusiyana ndi kudyetsa gulu lonse. Makaseti anafika, ndipo aliyense wokhala ndi wayilesi ya makomo awiri ankatha kukopera chimbale chonse osalipira mwini wake. Anthu anatembenukiranso ku kalindula, nyimbo za besi yaikulu zochokera ku Luapula, zimene oyimba monga P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge anazikweza. Magulu ambiri a Zamrock anatha. Paul sanaleke. Anafewetsa gitala, anayandikira kavinidwe ka kwawo, anachulukitsa zilankhulo za m'dzikomo, ndipo anapitiriza kutulutsa zimbale monga Thokozile. Ena amati anagonja. Ife tikuti anali ndi banja lodyetsa ndi anthu ofuna kuwauza zinthu, ndipo anapeza njira yoti amvedwe. Chimodzi mwa zimbale zake zomaliza, 99% Confusion, chikusonyeza kuti kabokosi kaja sanakataye.

Zaka zimenezo ndi zomwe ambiri a kuno sitiziiwala. Nkhondo ya pachiweniweni inabalalitsa anthu a ku Tete, ena kulowa m'Malawi kudzera ku Zóbuè ndi ku Mwanza, ena kulowa mu Zambia, kumene kunatsegulidwa msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke mu 1987. Amene anakhala kumeneko mpaka mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 anakhala zaka pansi pa wayilesi ya Zambia ndi makaseti a m'misika yake. Ngati m'mudzi mwanu muli mkulu wodziwa nyimbo za Paul Ngozi pamtima, mufunseni kumene anazimvera.

Chimene chinamaliza m'badwo wa Zamrock ndi matenda a Edzi. Anazindikirika mu Zambia cha m'ma 1984, nthawi imene kunalibe mankhwala otalikitsa moyo, ndipo anthu ankaopa ngakhale kuwatchula. A Kaunda ndiwo anaswa chete mu 1987 pamene anauza dziko lonse kuti mwana wawo Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi matendawa. Oyimba, amene moyo wawo unali wa maulendo ndi mausiku, anagwa motsatizana. Mwa anyamata amene anajambula zimbale zoyamba za WITCH, anatsala ndi Jagari yekha. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo olemba mbiri ya Zamrock amamuwerengera pamodzi ndi otengedwa ndi mliri umenewu. Mankhwala a ma ARV, amene lero amaperekedwa m'zipatala za mbali zonse za malire, anafika kwa anthu wamba patatha zaka zoposa khumi iye ataikidwa.

Kubwerera kwa zimbale

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri zimbale zake zinangokhala m'makatoni ndi pansi pa mabedi. Kampani zodinda zinatseka, matepi ambiri oyambirira a magulu a nthawiyo anatayika, ndipo achinyamata a mu Lusaka anali ndi nyimbo zawo zatsopano. Jagari, amene ankadzaza maholo, anakakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali kutchire kuti apeze chakudya. Amene anafukula nyimbozi anali otolera zimbale a kunja. Kampani ya Shadoks ya ku Germany inadindanso zina, kenaka Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inayamba ntchitoyi mwadongosolo, pogwirizana ndi oyimba otsala ndi mabanja a omwalira. Inatulutsanso Day of Judgement mu 2014, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri m'zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock. Mu 2019 kunatuluka kanema wa mbiri ya WITCH, ndipo gululi, ndi Jagari patsogolo, linayambanso kuyendera maiko n'kutulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

Pali chowawa pang'ono pamenepa. Chimbale choyambirira cha Ngozi Family chimene chinkagulidwa ndi makwacha ochepa ku Ndola, lero chimagulitsidwa pakati pa otolera a ku Ulaya ndi ku America pa mtengo umene mlimi sangaulote, ndipo pa malonda a chimbale chakale woyimba salandirapo kanthu. Ndalama zimafika ku banja pokhapokha nyimbo ikadindidwanso mwa chilolezo, kapena wina akaibwereka mwa lamulo. N'chifukwa chake nkhani ya Noid ili ndi phindu loposa kutchuka. Nyimboyi inatuluka pa 21 Okutobala 2024, ndipo chimbale cha Chromakopia, momwe ilimo, chinafika pa nambala 1 ku America. Pa mndandanda wa olemba nyimboyo pali dzina la Paul Dobson Nyirongo. Tyler anasankha bwino: nyimbo yake ikukamba za munthu wotchuka amene akuona ngati aliyense akumusuzumira, ndipo anabwereka mawu a munthu wa m'komboni wotopa ndi amiseche.

Ozzy Osbourne anabadwa pa 3 Disembala 1948, mwezi umodzi ndi masiku ochepa Paul asanabadwe. Onse awiri anakulira m'madera osauka a mizinda ya antchito, onse anatulukamo ndi phokoso. Ozzy anafika zaka 76. Anayimba komaliza ndi anzake atatu aja pa 5 Julayi 2025 m'bwalo la mpira la Villa Park, ku Aston komwe anakulira, ndipo anamwalira pa 22 mwezi womwewo. Paul anapatsidwa zaka 40, ndipo mwa zimenezo zojambula zimbale sizinafike 15. Mu Lusaka, m'dera la Kabwata, muli msewu wotchedwa Paul Ngozi Road.